Isamu Noguchi

Isamu Noguchi (17 November 1904 – 30 December 1988) anali katswiri wosema ziboliboli wa ku America, yemwe bambo ake anali a ku Japan. Pa zaka zoposa 60 zimene anagwira ntchito yake, anasema miyala ndi mitengo, anaumba zinthu zadongo, anakonza mapulani a mapaki ndi mabwalo osewerera ana, komanso anapanga matebulo ndi zokongoletsera nsanja zovinirapo magule. Anthu ambiri amamudziwa chifukwa cha nyale za pepala ndi nsungwi zotchedwa Akari, zimene anayamba kupanga mu 1951 mumzinda wa Gifu ku Japan. Nyalezi zikupangidwabe pamanja mpaka lero.

Noguchi ankakhulupirira kuti chiboliboli chiyenera kukhala pakati pa anthu, m'nyumba zawo ndi m'misewu imene amayendamo. N'chifukwa chake ankaona nyale zake ngati ziboliboli zenizeni, zofanana ulemu ndi zamiyala. Akatswiri ena a zaluso a m'nthawi yake sankagwirizana naye pa mfundoyi, ndipo mkanganowo unapitirira mpaka zaka zomaliza za moyo wake.

Ubwana wake

Noguchi anabadwira mumzinda wa Los Angeles, m'chigawo cha California. Mayi ake, Léonie Gilmour, anali mlembi ndiponso mphunzitsi wa ku America. Bambo ake, Yone Noguchi, anali mlakatuli wa ku Japan amene ankalemba m'Chingerezi, ndipo anadziwana ndi Léonie ku New York pamene mayiyu ankawathandiza kukonza zolemba zawo. Yone anabwerera ku Japan mu 1904, mwanayo asanabadwe.

Mu 1907, Léonie anapita ku Japan ndi mwana wakeyo. Atafika anapeza kuti Yone ali kale ndi mkazi wina wa ku Japan, choncho analera mwanayo yekha, akupeza ndalama pophunzitsa Chingerezi. Anakhala ku Tokyo kwa kanthawi, kenako anasamukira ku Chigasaki, tauni ya m'mphepete mwa nyanja. Mu 1912 kunabadwa mlongo wake wa Isamu, Ailes Gilmour. Pamene banjali linkamanga nyumba ku Chigasaki, Léonie analola mwana wake kuthandiza pa ntchitoyo, kenako anamutumiza kwa kalipentala wa m'deralo kuti akaphunzire kugwiritsa ntchito zida zosemera matabwa. Pa nthawi yonseyi ana anzake ankamuona ngati mlendo chifukwa cha maonekedwe ake.

Mu 1918, ali ndi zaka 13, mayi ake anamutumiza yekha ku America kukaphunzira pa Interlaken School m'chigawo cha Indiana. Sukuluyo inatsekedwa iye atangofika kumene, chifukwa malo ake anaperekedwa kwa asilikali pa nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Edward Rumely, amene anayambitsa sukuluyo, anamupezera banja loti azikhala nalo m'tauni ya La Porte. Kumeneko ankadziwika ndi dzina loti Sam Gilmour, ndipo anamaliza maphunziro a sekondale mu 1922.

Chiyambi cha ntchito yosema

Atamaliza sekondale, anakagwira ntchito kwa miyezi yochepa kwa Gutzon Borglum, amene pambuyo pake anasema nkhope za mapulezidenti a America pa phiri la Mount Rushmore. Borglum anamuuza kuti alibe luso losema. Noguchi analowa Columbia University ku New York n'cholinga chodzaphunzira udokotala, koma mu 1924 anayamba kupita ku makalasi a madzulo pa Leonardo da Vinci Art School. Mkulu wa sukuluyo, Onorio Ruotolo, anaona msanga luso la mnyamatayu n'kumulimbikitsa. Noguchi anasiya maphunziro a udokotala ndipo anayamba kugwiritsa ntchito dzina la bambo ake.

Mu 1926 anaona chionetsero cha ziboliboli za Constantin Brâncuși, katswiri wa ku Romania amene ankakhala ku Paris. Ziboliboli za Brâncuși sizinkatsanzira munthu kapena nyama ndendende. Zinkachotsa tinthu tonse tosafunika n'kusiya maonekedwe osalala, osavuta. Chaka chotsatira Noguchi analandira thandizo la ndalama la Guggenheim Fellowship ndipo anapita ku Paris, kumene anathandizira Brâncuși kwa miyezi ingapo. Awiriwa analibe chinenero chimodzi chomvana bwino, moti Noguchi anaphunzira kwambiri poonerera: kagwiridwe ka tchizulo, kasemedwe ka mwala mwachindunji, ndi kulemekeza chikhalidwe cha chinthu chimene ukusema.

Atabwerera ku New York mu 1929, ankapeza ndalama poumba ndi kusema mitu ya anthu otchuka. Ena mwa anthuwa anali Martha Graham, katswiri wa magule amakono, ndi Buckminster Fuller, katswiri wa zomangamanga, amene anakhala mnzake wapamtima kwa moyo wonse. Mu 1930 anapita ku Beijing kumene anaphunzira kujambula ndi bulashi ndi inki kwa Qi Baishi. Mu 1931 anafika ku Japan, naphunzira kuumba kwa Uno Jinmatsu ku Kyoto, ndipo anachita chidwi ndi minda ya miyala ya m'makachisi a mumzindawo.

Zaka za m'ma 1930

Noguchi anayamba kuganiza za ziboliboli zimene anthu angalowemo, kukwerapo kapena kuyendamo. Mu 1933 anakonza pulani ya bwalo losewerera ana lotchedwa Play Mountain, lomwe nthaka yake yeniyeniyo ikanaumbidwa kukhala masitepe ndi motsetsereka. Robert Moses, amene ankayang'anira mapaki a mzinda wa New York, anakana pulaniyo. Mayi ake a Noguchi anamwalira m'chaka chomwecho cha 1933.

Mu 1935 anaonetsa chiboliboli chachitsulo cha munthu wopachikidwa pa chingwe, chodzudzula mchitidwe wopha anthu akuda mopanda chilungamo ku America. Wolemba nkhani za luso wina wotchuka anachinyoza potchula zoti wochipangayo ndi wa mtundu wa Chijapani. M'chaka chomwecho Noguchi anakonza nsanja ya gule wa Martha Graham wotchedwa Frontier, pogwiritsa ntchito chingwe ndi kampanda kakang'ono basi. Awiriwa anagwirira ntchito limodzi kwa zaka pafupifupi 30, ndipo imodzi mwa ntchito zawo zodziwika ndi Appalachian Spring ya mu 1944.

Mu 1936 anakhala ku Mexico City, kumene anaumba chithunzi cha simenti yamitundumitundu, chotalika mamita pafupifupi 22, pa khoma la msika wa Abelardo Rodríguez. Mu 1938 anapambana mpikisano wokongoletsa khomo la nyumba ya Associated Press ku Rockefeller Center. Ntchitoyo, yotchedwa News, ndi yachitsulo chosachita dzimbiri ndipo inaikidwa mu 1940. Inamutchukitsa m'dziko lonse la America.

Nthawi ya nkhondo

Dziko la Japan litaphulitsa doko la Pearl Harbor mu December 1941, boma la America linasonkhanitsa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, makamaka okhala kugombe la kumadzulo, n'kuwatsekera m'misasa. Ambiri mwa iwo anali nzika za America. Lamulolo silinkamukhudza Noguchi chifukwa kwawo kunali ku New York, koma mu May 1942 analowa mwa kufuna kwake mumsasa wa Poston, m'chipululu cha Arizona. Ankafuna kuphunzitsa ntchito zamanja ndi kukonza mapaki ndi malo osewerera kuti moyo wa mumsasamo upepukeko.

Mapulani akewo sanatheke. Zipangizo zimene ankayembekezera sizinabwere mokwanira, oyang'anira msasa ankamutenga ngati mkaidi wina aliyense, ndipo anthu ena otsekeredwawo ankamukayikira kuti ndi wa boma. Atapempha kuti atuluke, zinatenga miyezi kuti amulole. Anachoka mu November 1942 ndipo sanabwererenso.

Ku New York anatsegula malo ogwirira ntchito ku MacDougal Alley. Kumeneko anayamba kupanga ziboliboli zimene anazitcha Lunar, dzina lochokera ku mawu otanthauza mwezi. Mkati mwake ankabisamo mababu amagetsi kuti kuwala kuzichokera m'chiboliboli chenichenicho. M'zaka zomwezi anasema ziboliboli za miyala yopyapyala yolowetsana popanda chomatira, monga Kouros, ndipo anapanga tebulo lagalasi la miyendo iwiri yamatabwa yokhotakhota, limene kampani ya Herman Miller inayamba kugulitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Kubwerera ku Japan

Noguchi anabwerera ku Japan mu 1950, patapita zaka 19, ndipo bambo ake anali atamwalira mu 1947. Akatswiri achinyamata a zaluso ndi zomangamanga anamulandira bwino. Mothandizana ndi Yoshirō Taniguchi, anakonza chipinda ndi munda pa Keio University, kumene bambo ake anaphunzitsa kwa zaka zambiri. Kenzō Tange, amene ankamanga malo okumbukira mtendere ku Hiroshima, anamuitana kuti athandize. Noguchi anakonza zotchingira za m'mbali mwa milatho iwiri yolowera kumaloko, ndipo zilipobe. Koma pulani yake ya chipilala chokumbukira anthu amene anafa ndi bomba la atomiki inakanidwa mu 1952. Chifukwa china chinali chakuti iye anali nzika ya dziko limene linaponya bombalo.

Mu 1951 anakwatira Yoshiko Yamaguchi, katswiri wa mafilimu ndi nyimbo, ndipo anakhala kwa kanthawi ku Kita-Kamakura m'nyumba ya pamalo a woumba mbiya wotchuka, Kitaōji Rosanjin. Ukwatiwo unatha mu 1956.

Nyale za Akari

Mu 1951, ali pa ulendo wopita ku Hiroshima, Noguchi anaima mumzinda wa Gifu kuti aonere usodzi wa usiku wa pa mtsinje wa Nagara, umene asodzi amagwira nsomba pogwiritsa ntchito mbalame za m'madzi zophunzitsidwa. Gifu ndi mzinda wodziwika kuyambira kale ndi nyale za pepala zotchedwa chōchin, zimene zimajambulidwa maluwa ndi zomera ndipo zimayatsidwa makamaka pa mwambo wa Obon, wokumbukira makolo amene anamwalira. Nkhondo itatha, ntchito yopanga nyalezi inali italowa pansi. Meya wa mzindawo anapempha Noguchi kuti athandize kupanga nyale zimene zingagulidwe m'mayiko akunja. Noguchi anavomera ndipo anayamba kugwira ntchito ndi kampani ya m'banja ya Ozeki, imene inayamba mu 1891.

Dzina lakuti akari ndi mawu a Chijapani otanthauza kuwala, ndipo Noguchi ankaligwirizanitsanso ndi kupepuka. Chilembo cha Chijapani cha mawuwa chimapangidwa ndi zizindikiro ziwiri, cha dzuwa ndi cha mwezi. Potengera zimenezi, nyale iliyonse yeniyeni ya Akari imadindidwa kachizindikiro kofiira ka dzuwa ndi mwezi.

Noguchi sanasinthe luso la amisiri a ku Gifu, koma anasintha zinthu zingapo pa nyaleyo. M'malo mwa kandulo anaikamo babu lamagetsi. Anachotsa zithunzi za maluwa, n'kusiya nyale zambiri zili zoyera, ndipo zina anangozipaka mizere kapena madontho a mtundu umodzi kapena iwiri. Anachotsanso mikombero yamatabwa ya kumwamba ndi kunsi, n'kuikamo waya amene amakoka nyaleyo kuti itambasuke. Koposa zonse, anaipatsa miyendo. Nyale za chōchin zambiri zinali zopachika kapena zonyamula m'manja, koma iye anapanga zoimika patebulo ndi zoimika pansi.

Nyale zoimika pansizi ndi zimene zimaoneka kwambiri ngati ziboliboli. Ya mtundu wa 10A ndi yonenepa ngati dzungu lalikulu ndipo imaima pa timiyendo tachitsulo towonda kwambiri, moti usiku imaoneka ngati ikuyandama. Za m'gulu la BB zili ndi mtengo wansungwi wozikidwa pa chitsulo cholemera, ndipo pepalalo limakhala pamwamba ngati mutu. Zina ndi zazitali ngati mzati, zina zili ndi ngodya, zina ndi zopindika mbali imodzi mwadala. Noguchi ankabwerera ku Gifu kawirikawiri ndipo anapitiriza kuwonjezera mitundu yatsopano mpaka m'zaka za m'ma 1980. Yonse pamodzi inaposa 100.

Mmene zimapangidwira

Mmisiri amayamba ndi chikombole chamatabwa chopangidwa ndi zidutswa zingapo zimene zimatha kumasulidwa. Amazunguliza timizere tansungwi topyapyala pa chikombolecho kuchokera kumwamba mpaka kunsi. Kenako amapaka guluu pa nsungwizo n'kumatapo pepala, chidutswa chimodzi pa nthawi, akudula losefukira ndi lumo. Guluu akauma, amamasula chikombole chija n'kutulutsa zidutswa zake kudzera pa kamwa ya nyaleyo. Chotsala ndi chikopa cha pepala chokhala ndi nthiti zansungwi, chimene chimapindika n'kukhala chafulati. Zimenezi zimachititsa kuti ngakhale nyale yaikulu ithe kutumizidwa kutali m'katoni yopyapyala.

Pepalalo ndi la mtundu wa washi, lopangidwa kuchokera ku khungwa lamkati la mtengo wa m'gulu la mabulosi, umene ku Japan amautcha kōzo. Dera la Mino, lomwe lili pafupi ndi Gifu, lakhala likupanga pepala lotere kwa zaka zoposa 1,000. Ulusi wa khungwali ndi wautali, n'chifukwa chake pepalalo limakhala lolimba ngakhale lili lopyapyala. Kuwala kwa babu kukamadutsa mu ulusiwo kumamwazikana, moti sikuthobwa m'maso ndipo nyale yonseyo imawala mofanana.

Noguchi ankaona kuti mwa njira imeneyi magetsi, omwe kuwala kwake ndi kwaukali, amabwezeredwa kufatsa kwa kuwala kwachilengedwe. Ankakondanso zoti pepala ndi nsungwi zimakalamba ndi kutha, mosiyana ndi mwala. Ankanena kuti munthu woyamba kumene pakhomo pake akhoza kukwanitsidwa ndi chipinda, mphasa ya tatami ndi nyale ya Akari.

Luso kapena malonda

Nyale zoyamba zinaonetsedwa mu 1952 pa chionetsero cha ntchito zake ku Museum of Modern Art ya ku Kamakura, pamodzi ndi zoumba zake. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1950 zinali zikugulitsidwa ku New York, kenako ku Europe. Zinagwirizana bwino ndi nyumba zamakono za nthawiyo, zomwe zinali ndi mawindo akuluakulu, mipando yochepa ndi makoma opanda zokongoletsa. Mtengo wake unali wotsika poyerekeza ndi wa chiboliboli chamwala, ndipo zimenezi n'zimene Noguchi ankafuna, kuti munthu wamba athe kukhala ndi chiboliboli m'nyumba mwake.

Kutchukako kunabweretsa mavuto awiri. Loyamba linali la okopera. Ngakhale Noguchi analembetsa umwini wa kapangidwe kake ku boma, nyale zotsanzira zotchipa zinadzaza m'masitolo a m'mayiko ambiri, moti anthu ochuluka ankagula mpira wa pepala wopachika kudenga osadziwa kumene maonekedwewo anachokera. Lachiwiri linali la mbiri yake. Ogulitsa zaluso ndi olemba nkhani ena ankaona kuti munthu wopanga nyale ndi matebulo ogulitsa m'sitolo sangawerengedwe pakati pa osema ziboliboli akuluakulu.

Nkhaniyi inafika pachimake mu 1986, pamene Noguchi anasankhidwa kuimira dziko la America pa chionetsero cha Venice Biennale ku Italy. Chionetsero chake anachipatsa mutu wofunsa kuti chiboliboli n'chiyani. Panja anaika Slide Mantra, chotsetserekapo chozungulira cha mwala woyera wa mabo chimene anthu ankakwerapo, ndipo mkati anaikamo nyale zambiri za Akari pamodzi ndi ziboliboli zamiyala. Anthu ena anali atamulangiza kuti nyalezo azisiye, koma iye anakana. Olemba nkhani angapo anadandaula kuti malowo ankaoneka ngati sitolo ya nyale, ndipo Noguchi sanalandire mphoto pa chionetserocho.

Ntchito zina zikuluzikulu

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, Noguchi anapatsidwa ntchito zambiri za pamalo a anthu onse. Anakonza munda wa ku likulu la UNESCO ku Paris pakati pa 1956 ndi 1958, pogwiritsa ntchito miyala imene anakaisankha yekha ku Japan. Anakonzanso bwalo la mwala wa mabo pa Beinecke Library ya ku Yale University, munda wa pansi pa Chase Manhattan Plaza ku New York, ndi munda wa ziboliboli wa Billy Rose ku Israel Museum mumzinda wa Jerusalem, umene unatsegulidwa mu 1965. Red Cube, chitsulo chofiira choima pa ngodya imodzi, chinaikidwa mumsewu wa Broadway mu 1968, ndipo Black Sun inaikidwa ku Seattle mu 1969. Bwalo la ana la Playscapes linatsegulidwa ku Atlanta mu 1976, patapita zaka zoposa 40 kuchokera pamene pulani yake yoyamba ya bwalo la ana inakanidwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anakhazikitsa malo osemera m'mudzi wa Mure pa chilumba cha Shikoku, kumene ankagwira ntchito ndi mmisiri wa miyala Masatoshi Izumi. Kumeneko ankasema miyala yolimba ya granite ndi basalt, ndipo nthawi zambiri mbali ina ya mwala ankaisiya yosasema. Chaka chilichonse ankagawa nthawi yake pakati pa Japan, New York ndi Italy. Buku lofotokoza moyo wake, A Sculptor's World, linatuluka mu 1968.

Zaka zomaliza ndi imfa

Mu 1985 anatsegula nyumba yoonetsera ntchito zake ku Long Island City, m'dera la Queens ku New York, pafupi ndi malo amene ankagwirira ntchito kuyambira mu 1961. Masiku ano imadziwika kuti Noguchi Museum. Analandira Kyoto Prize mu 1986, National Medal of Arts ya boma la America mu 1987, ndi Order of the Sacred Treasure ya boma la Japan mu 1988.

Mu 1988 anakonza pulani ya Moerenuma Park mumzinda wa Sapporo, pamalo amene kale ankatayapo zinyalala. Anamwalira ku New York pa 30 December chaka chomwecho ali ndi zaka 84, atangomaliza pulaniyo. Mzinda wa Sapporo unapitiriza ntchitoyo ndipo paki yonse inatsegulidwa mu 2005. Mkati mwake muli phiri lochita kuumba lotchedwa Play Mountain, lotengera maganizo ake a mu 1933. Malo ake a ku Mure anatsegulidwa kwa anthu mu 1999.

Nyale za Akari masiku ano

Kampani ya Ozeki ikupangabe nyale za Akari ku Gifu mwa njira yomwe ija yapamanja. Nyale zakale za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 zimafunidwa ndi anthu osonkhanitsa zaluso, chifukwa pepala silichedwa kung'ambika ndipo zambiri za nthawi imeneyo zinawonongeka. Zimene zinatsala zimakhala ndi pepala lachikasu pang'ono chifukwa cha ukalamba, ndipo ogula amayang'ana kachizindikiro ka dzuwa ndi mwezi kuti azisiyanitse ndi zotsanzira.

Nyumba zazikulu zosungira zaluso, kuphatikizapo Museum of Modern Art ya ku New York, zimasunga nyale za Akari pakati pa zinthu zake. Mu 2018 Noguchi Museum inachita chionetsero chachikulu cha nyalezi, chimene mutu wake unazitchula kuti ndi ziboliboli zopangidwa mwa njira ina, monga mmene mwini wake ankanenera kuyambira mu 1951.